Asiye Fizikisi ndi Kemisitiri kuti mapoinsi adzatsike?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Tsangano ku Ntcheu, akuti: "Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi wakhoza JCE ndipo akulowa Fomu 3 pa CDSS ya kwathu kuno. Iye amati akufuna adzakhale dokotala, apo ayi injiniya. Koma anzake ndi amalume ake akumuuza kuti asiye Fizikisi ndi Kemisitiri atenge BK ndi Social poti ndi zophweka, adzapeze mapoinsi ochepa. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndimangolima kachewere, sindikudziwa chomuuza. Ndithandizeni."

Mayi, zikomo kwambiri ndipo mwachita bwino kufunsa panopa mwana asanakhale pa desiki ya Fomu 3, chifukwa makolo ambiri amandipeza zotsatira za Fomu 4 zitatuluka kale, nthawi yoti palibenso chomwe ndingawachitire kupatula kukhala nawo pansi n'kumawapepesa. Ine ndaphunzitsa Kemisitiri ndi Masamu zaka zoposa 20, zambiri mwa zakazi kuno ku Dedza, ndipo ndine amene ana amandibweretsera mafomu a kuyunivesite kuti tilembere limodzi, nde nkhani imeneyi ndimakumana nayo chaka ndi chaka ndipo imandipweteka mtima.

Asasiye. Fizikisi asasiye, Kemisitiri asasiye, olo anzake onse a m'kalasi atathawa iye atsale. Ndikufotokozerani chifukwa chake bwinobwino kuti nanunso mukathe kuwayankha amalume akewo, poti iwo sakumufunira zoipa ayi, kungoti akudziwa theka la nkhani.

Theka lomwe akudziwalo ndi ili. Pa MSCE a MANEB amapereka magiredi kuyambira 1 mpakana 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndi kulephera. Mapoinsi omwe anthu amatamandirana aja amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, nde opambana zedi amapeza 6, ndipo mapoinsi akamachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri. Mpakana apa amalume akunena zoona, BK ndi Social ana ambiri amaziwerenga okha pansi pa mtengo n'kukhoza bwino, pomwe Fizikisi imafuna mphunzitsi, zipangizo ndi masamu.

Theka lomwe sakudziwa ndi loti kuyunivesite salowetsa munthu pongoona mapoinsi basi. Kuti mwana angoyima pa mzere wa mayunivesite a boma akufunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, koma kenako kozi iliyonse ili ndi maphunziro ake omwe imafuna, ndipo a NCHE, omwe amayendetsa chisankho cha mayunivesite a boma, amayang'ana kaye ngati mwana ali ndi maphunziro amenewo ndi momwe wawakhozera. Tiyeni ndikupatseni chitsanzo cha ana awiri. Woyamba wapeza Chingerezi 2, Chichewa 1, BK 1, Social 1, Histore 2, Ulimi 2, onse pamodzi mapoinsi 9, mudzi wonse nthungululu, mbuzi yaphedwa. Wachiwiri wapeza Chingerezi 3, Masamu 2, Bayoloje 2, Kemisitiri 2, Fizikisi 3, Ulimi 2, mapoinsi 14. Pa udokotala kapena uinjiniya, wa 9 uja sali n'komwe pa mzere, fomu yake imayikidwa pambali osawerengedwa, pomwe wa 14 ali pa mzere akupikisana ndi anzake. Sindikunena kuti wa 14 watengedwa kale ayi, mpikisano wake ndi woopsa, koma iye khomo lamutsegukira pamene winayo anadzitsekera yekha tsiku lomwe anasankha maphunziro ku Fomu 3, ali ndi zaka 15 kapena 16, osadziwa kuti akutseka chani.

Ndinali ndi mtsikana wina wotere, wanzeru zedi, woti Kemisitiri ya Fomu 2 amaimva ndisanamalize kufotokoza. Polowa Fomu 3 anzake a ku hostelo anamukopa, anasiya Fizikisi. Anakhoza bwino kwambiri, dzina lake linatchulidwa pa asembule, nde atabwera ndi bambo ake kuti tilembe fomu ndinatsegula kabuku ka makozi ndi kumusonyeza ndi chala pomwe panalembedwa zofunika pa udokotala, iye anawerenga kawiri, kenako anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya osayankhula kanthu, bambo ake akufunsa kuti kodi aphunzitsi vuto ndi chani poti mwanayu wakhoza. Tsiku limenelo sindimaliiwala. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, mapoinsi okongola koma a kozi yomwe iye sankaifuna. Anapita kuyunivesite ndithu, anachita zina ndipo ali bwino, koma mpaka lero tikakumana pa boma amandiuza kuti aphunzitsi bwenzi pano ndili mu wodi.

Tsopano tione komwe mwana wanu akulozako. Udokotala uli ku KUHeS, Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, nthawi yomwe University of Malawi inagawidwa. Kumeneko kuli udokotala, za mankhwala zija amati Pharmacy, udokotala wa mano, Physiotherapy, za mu labu ya chipatala ndi unamwino, ndipo ochokera ku MSCE omwe atengedwa pa udokotala amayamba ndi chaka chokonzekera chomwe mbali yaikulu ndi Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu, zolemera kuposa za kusekondale. Ndiye muone, olo atapezeka kuti walowa mozemba popanda Fizikisi, chaka choyambacho chimubweza. Uinjiniya uli ku MUBAS, yomwe ambiri timaitchulabe kuti Poly, ku Chichiri mu Blantyre, kuli wa misewu ndi milatho, wa magetsi, wa makina, wa migodi. Kulinso MUST ku Ndata ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, kuli Chemical Engineering, Biomedical Engineering yomwe ndi ya makina a m'chipatala, za miyala ndi migodi, za nyengo, za makompyuta. Ku LUANAR ku Bunda, pafupi pompa ndi kwathu, kuli udokotala wa ziweto ndi uinjiniya wa ulimi wothirira, ku Mzuni kuli za maso ndi za mphamvu ya dzuwa ndi mphepo, ku Chanco ku Zomba kuli digiri ya sayansi ndi uphunzitsi wa sayansi. Malo onsewa mukawerenga zofunika zake mupeza mayina omwewo akubwerezedwa, Masamu, Fizikisi, Kemisitiri, Bayoloje, kwina atatu kwina onse anayi.

Amalume akewo mwina anaphunzira nthawi ya Physical Science, pamene Fizikisi ndi Kemisitiri linali phunziro limodzi. Silabasi inasintha, panopa ndi maphunziro awiri osiyana, lililonse ndi mayeso ake ndi giredi yake. Izi zili ndi ubwino womwe ana sauona. Mwana wa sayansi akatenga Chingerezi, Masamu, Bayoloje, Kemisitiri ndi Fizikisi, ndiye kuti pa maphunziro asanu ndi limodzi owerengedwa aja, asanu ali kale m'manja, ndipo ndi omwewo omwe makozi akufuna. Sakugwira ntchito kawiri. Asanu amenewa kwa mwana wanu asakhale okambirana, ndi mafuwa ndi mphika womwe, zina zonse ndi ndiwo zosankha.

Pa lachisanu ndi chimodzi ndi ena owonjezera mpamene mungakambirane. Ine mwana wa ku Tsangano ndimamuuza kuti Ulimi augwiritse, chifukwa theka la zomwe zili m'bukumo waziona ndi maso m'munda mwanu, chiwawu cha kachewere akuchidziwa, kupopera mankhwala akudziwa, kasinthasintha wa mbewu akudziwa, ndipo Ulimi umayenda limodzi ndi Bayoloje ndi Kemisitiri komanso umathandiza ku Bunda. Jogalafe nayo ndi yabwino, imathandiza pa makozi a za nyengo, za nthaka ndi za miyala. Chichewa ngati amachikhoza asachinyoze, chapulumutsa ana ambiri pa mapoinsi. BK kapena Social atha kutenga limodzi ngati amalikonda, palibe cholakwika, cholakwika ndi kulitenga m'malo mwa Fizikisi. Onse pamodzi akhale asanu ndi atatu, akachulukitsa asanu ndi anayi. Ndaonapo ana akulembetsa khumi ndi limodzi poganiza kuti kuchuluka ndi nzeru, mapeto ake onse amatuluka ma 5 ndi ma 6, pomwe pa makozi awa chofunika ndi ma 1 ndi ma 2 pa maphunziro ochepa oyenera.

Za Add Maths, phunziro lapadera la masamu owonjezera, ana amandifunsa kawirikawiri. Ngati pasukulupo pali mphunzitsi woiphunzitsa mokhazikika, ndipo mwana Masamu wamba amawakhoza mosavutika, atenge, makamaka ngati mtima wake ukupendekera ku uinjiniya, chifukwa calculus yomwe anzake adzaione koyamba ku Poly iye adzakhala ataikhudzako kale. Koma ngati palibe mphunzitsi kapena Masamu wambawo akumuvutabe, asadzisenzetse, bola 1 kapena 2 pa Masamu wamba kusiyana ndi 5 uku 7 uko. Ma CDSS ambiri sakhala nayo ndipo ana ochokera kumeneko amalowabe.

Koma Chingerezi mayi, apa ndiyime pang'ono. Ana okonda sayansi ali ndi chizolowezi chochinyoza, amati ife ndi a manambala. Chingerezi chikagwa chilichonse chagwa, popanda kuchikhoza satifiketi ya MSCE sipatsidwa, ndipo popanda kirediti yake kuyunivesite ya boma kulibe, olo Fizikisi ikhale 1. Komanso mafunso a sayansi amabwera m'Chingerezi, mwana amadziwa yankho koma osamva kuti funso likufuna afotokoze kapena angotchula, n'kutaya malikisi pa zinthu zomwe akuzidziwa. Aziwerenga chilichonse chomwe wachipeza, nyuzipepala yakale yomwe mwakulungira tomato ku Lizulu, mabuku a literature onse awamalize osati kudalira manotsi a anzake, ndipo sabata iliyonse alembe kompozishoni imodzi apereke kwa aphunzitsi amuchongere.

Tsopano nkhani yovuta, yomwe sindingakubisireni. Mwati ali pa CDSS. Ma CDSS athu ambiri a kumudzi alibe labu, ena alibe mphunzitsi wa Fizikisi weniweni, amangopempha wa Masamu kapena wa Ulimi kuti agwirizire, ndipo ana amathawa sayansi osati chifukwa ndi ofooka koma chifukwa akuona kuti palibe owatsogolera. Pomwe pa MSCE Bayoloje, Kemisitiri ndi Fizikisi zili ndi pepala la pulakitiko, mwana amayenera kugwira zipangizo ndi manja ake. Ndinayang'anirapo mayeso a pulakitiko ya Kemisitiri pa senta ina, mwezi wa July, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, zala zochita kuuma. Mnyamata wina anaima kutsogolo kwa burette, kagalasi kataliko kokhala ndi kampopi kumunsi, ndipo zimaoneka kuti akukaona koyamba. Ntchito yake ndi yoti uzidontheza asidi pang'onopang'ono m'botolo uku ukuligwedeza mpakana mtundu wa pinki uja uzimiririke, pamenepo utseke n'kuwerenga nambala diso lili molingana ndi madziwo. Iye anatsegula kampopi konse, asidi yense anakhuthukira pansi kamodzi, anandiyang'ana, ine sindikuloledwa kumuuza kanthu. Mnyamata ameneyo m'buku ankazidziwa zonse, akanatha kukulemberani equation yake mosalakwitsa, chomwe chinamusowa ndi masana awiri okha oti wina amugwiritse kampopiko.

Nde musadikire. Sukulu ikatsegulira mupite nokha kwa ahedi, musaope kuti munalekeza Sitandade 7, ndinu kholo ndipo muli ndi ufulu wofunsa. Muwafunse mwaulemu kuti kodi Fizikisi ndi Kemisitiri ya Fomu 3 ndi 4 akuphunzitsa ndani, kodi ana amachita kuti mapulakitiko, ndipo kodi chaka chatha analemba maphunziro amenewa ndi ana angati ndipo anakhoza bwanji. Mayankho ake akuuzani zambiri. Masukulu amakhala m'magulu aja timati makilasita, ndipo pali ahedi ena akhama omwe amapangana ndi sukulu yokhala ndi labu kuti ana awo azikachitirako mapulakitiko Loweruka kapena pa holide, ngati izi sizikuchitika mukazidzutse ku msonkhano wa PTA, mudzapeza makolo ena omwe ali ndi nkhawa yomweyo. Akakuuzani kuti Fizikisi pano sitiphunzitsa n'komwe, pamenepo ganizirani zopempha transifa kupita ku sukulu yomwe ilipo, ndipo nthawi yake ndi ino, kumayambiriro kwa Fomu 3. Kusamuka ku Fomu 4 kumakhala kochedwa chifukwa silabasi ya MSCE ndi ya zaka ziwiri, zambiri zolemera ngati mole concept zimayambira ku Fomu 3 ndipo mwana akaphonya pamenepo Kemisitiri yonse yotsatira imakhala mdima. M'mera mpoyamba. Ndikudziwa kuti transifa ndi ndalama, mwina malo ogona, mwina kukakhala kwa achibale ku boma, ndipo kwa mwana wamkazi ndimakhala ndi mantha ndi zija zopanga lendi kanyumba yekha pafupi ndi sukulu, ngati palibe munthu wamkulu womuyang'anira bola akhale pakhomo panu n'kupeza thandizo la pa holide.

Ndipo musaganize kuti inu mulibe chomuthandiza. Mukamagula feteleza wa 23:21:0+4S mumufunse kuti manambalawa akutanthauza chani, akuuzeni kuti 23 ndi nayitirojeni, 21 ndi fosifeti, 0 ndi potashi, S ndi salufa, ndipo akuwerengereni kuti m'thumba la makilogalamu 50 la Urea, yemwe ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 aliwonse, muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. Mukamasungunula mankhwala opopera kachewere mu sipuleya ya malita 16, iye ndi amene aziwerengera muyezo, imeneyo ndi concentration yomwe ana amailira m'kalasi. Njinga yodzaza matumba ikamatsika phiri mabuleki akutentha, imeneyo ndi Fizikisi. Mwana akayamba kuona kuti za m'buku ndi zomwezi za pakhomo mantha amachoka. Chinanso chachikulu chomwe mungamupatse ndi nthawi, chifukwa mwana wamkazi akaweruka amapeza madzi, nkhuni, mbale, mphika zikumudikira pomwe mlongo wake wakhala ndi buku, nde maola awiri madzulo aliwonse akhale ake, ndi katochi kapena kasola koti aziwerengera. Masamu ndi Fizikisi sawerenga ngati nthano, amachita kusova ndi pensulo tsiku ndi tsiku, komanso mumupezere mapepala a mayeso akale a MANEB ndi kalikuleta ya sayansi yakeyake yoti aizolowere, osati yobwereka m'mawa wa mayeso.

Adzamva mawu oti sayansi ndi ya anyamata, adzamva kwa anzake ndipo mwatsoka mwinanso kwa akuluakulu. M'makalasi anga ndaona atsikana akutsogola pa Kemisitiri kambirimbiri, chomwe chimawagwetsa si mutu koma kukhala awiri kapena atatu okha m'kalasi la anyamata n'kumachita manyazi kufunsa. Apeze mnzake mmodzi kapena awiri a mtima womwewo azisova limodzi, ndipo akhale kutsogolo.

Mwina mukufunsa mumtima kuti nanga akazitenga n'kukanika? Funso labwino. Chizindikiro chake ndi Masamu. Muone giredi yake ya Masamu pa JCE ndi malipoti a teremu yoyamba ndi yachiwiri ya Fomu 3. Kugwa kamodzi pa mayeso a Fizikisi si kanthu, pafupifupi aliyense amagwa teremu yoyamba poti kulumpha kochokera ku Fomu 2 ndi kwakukulu, nde asathawe ndi mayeso amodzi. Koma ngati chaka chonse chatha akulimbikira moona, thandizo akulipeza, koma Masamu ndi Fizikisi zikungokhalabe pansi, pamenepo mukhale pansi ndi aphunzitsi ake mukambirane moona mtima. Kusiya phunziro kumapeto kwa Fomu 3 n'kotheka, koma kuliyamba ku Fomu 4 utalisiya chaka chonse n'kovuta kwambiri, nde njira yotetezeka ndi kuyamba nazo. Ndipo olo udokotala weniweniwo utadzakanika, poti malo ndi ochepa ndipo ofuna ndi ambiri, sayansi yomweyo ndi imene imatsegula Malawi College of Health Sciences komwe amaphunzitsa ma clinical officer, makoleji a unamwino a mishoni ngati ku Nkhoma, uphunzitsi wa sayansi ku Domasi kapena ku Nalikule, ngakhale koleji ya za nkhalango ya konkuno ku Dedza. Mwana wa sayansi atha kudzasintha maganizo n'kupita ku makozi ena ambiri omwe si a sayansi, koma wopanda sayansi sangabwerere mbali inayi popanda kukalembanso mayeso.

Za fizi ya kuyunivesite musayambe kuda nazo nkhawa lero mpaka kumufooketsa mwana, kuli bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, zimenezo tidzakambirana akadzafika. Chomwe ndikufuna musunge ndi cha ku Fomu 4, nthawi yolembetsa mayeso a MANEB. Mwana aone ndi maso ake kuti pa dzina lake palembedwa maphunziro onse omwe akufuna kulemba, Fizikisi payokha, Kemisitiri payokha, ndi kuti dzina lalembedwa molondola, asangomva kuti zonse zili bwino. Ndipo chaka chino chomwe, osadikira Fomu 4, mupemphe aphunzitsi kapena wachibale wa foni ya intaneti akutsitsireni chikalata cha NCHE cha makozi ndi zofunika zake, chifukwa zofunikazi zimatha kusintha chaka ndi chaka ndipo ndi bwino kuwerenga zatsopano. Mwanayo akope pa pepala makozi atatu kapena anayi omwe akuwafuna pamodzi ndi maphunziro ake, amate pa khoma pafupi ndi pomwe amagona. Amalume ake akadzabweranso ndi nkhani ya BK, muwapatse mpando, muwathirire thobwa, mwanayo awawerengere yekha zomwe zalembedwa pa pepalalo. Mukabwerako kwa ahedi mundilemberenso zomwe akuyankhani pa za mphunzitsi wa Fizikisi ndi labu, tione limodzi ngati akhale pomwepo kapena asamuke.